Musanathire mankhwala m'thanki, yambani mwaidziwa njinga yanu

Kwa mnyamata wa kabaza pa Nsaru, njinga yamoto ndiye munda wake. Ikadzuka bwino m'mawa, ndiwo kunyumba zilipo ndipo mwini njinga alandira zake madzulo popanda mkangano. Koma ikayamba kutsokomola, kuzima pokwera chitunda kapena kumwa mafuta ngati thanki yabooka, mtima umakhala m'mwamba. Nthawi ngati imeneyi munthu amamvera malangizo a aliyense, ndipo malangizo amene atchuka pa siteji masiku ano ndi oti munthu agule kabotolo ka mankhwala otsukira injekita, akhuthulire m'thanki, basi njinga ibwerera mwakale.

Timabotolo timeneti timapezeka m'malo ena omwetsera mafuta ndi m'mashopu a zipangizo za galimoto mumzinda wa Lilongwe, ndipo mayina odziwika padziko lonse ndi monga STP, Wynn's ndi Liqui Moly. Funso la sabata ino ndi lakuti: kodi mankhwalawa amathandizadi? Yankho lathu n'lakuti inde amathandiza, koma pa nthenda imodzi yokha, ndiponso pokhapokha mwathira muyezo wake. Njinga zambiri za kwathu kuno zimadwala nthenda zina zimene kabotoloka sikangachize ngakhale mutathira kakhumi. Paja akuluakulu adati safunsa adadya phula, choncho tiyeni tikambirane musanatulutse ndalama m'thumba.

Kodi injekita n'chiyani?

Injini ya njinga imayenda ndi petulo wosakanikirana ndi mpweya. Pali njira ziwiri zosakanizira zinthu ziwirizi. Njira yakale, imene amakanika athu onse amaidziwa, ndi kabuleta. Petulo amatsika yekha kuchoka m'thanki, n'kudzaza kambale kamene kali pansi pa kabuleta, ndipo mpweya ukamakokedwa kulowa mu injini umayamwa petuloyo kudzera m'timabowo ting'onoting'ono timene amakanika amati majeti.

Njira yatsopano ndiye ya injekita. Apa muli pampu yamagetsi imene imakankha petulo mwamphamvu, mphamvu yofanana kapena kuposa ya mpweya wa m'tayala la galimoto. Petuloyo amafika pa kachipangizo kokhala ngati kamwa ya sipuleya yopoperera mankhwala m'munda wa fodya, ndipo kakompyuta kakang'ono ndi kamene kamalamula kuti katseguke liti komanso kwa nthawi yaitali bwanji. Mlimi aliyense akudziwa zimene zimachitika kamwa ya sipuleya ikatsekeka: m'malo motulutsa nkhungu yosalala, imangodontha kapena kulavulira mbali imodzi. Injekita nayo imatero. Timabowo take ndi tating'ono zedi moti utomoni pang'ono chabe wochokera ku petulo wotsalira umasokoneza kapoperedwe kake. Mankhwala tikunenawa adapangidwira kusungunula utomoni umenewu.

Njinga za injekita si zachilendo kunja. Kampani ya Kawasaki ya ku Japan idatulutsa njinga yotere mu 1980. Koma zidafala kwambiri pa njinga zing'onozing'ono maiko atayamba kukhwimitsa malamulo a utsi. Ku India, kumene kumachokera njinga za Bajaj, TVS ndi Hero, malamulo atsopano otchedwa BS6 adayamba kugwira ntchito pa 1 April 2020, ndipo kuchokera pamenepo njinga zambiri zogulitsidwa m'dzikomo zidasiya kabuleta yakale. Komabe zambiri zimene makampaniwa ndi anzawo a ku China amatumiza ku Africa kuno zidakali za kabuleta, kaamba koti n'zotsika mtengo ndipo zimakonzeka pansi pa mtengo wa mango ndi sipanala ndi sikuludilaiva basi.

Yanu ndi iti?

Limeneli ndiye funso loyamba, ndipo simufunika makanika kuti muyankhe. Imikani njinga pamalo opanda phokoso, mutembenuze kiyi koma osaliza injini. Ngati mwamva kaphokoso kolira ngati udzudzu kwa masekondi awiri kapena atatu kuchokera m'thanki, kenako n'kusiya, imeneyo ndi pampu ndipo njinga yanu ndi ya injekita. Nthawi zambiri pa mita pamayakanso kagetsi kolembedwa FI kapena kojambulidwa injini, ndipo m'mbali mwa njinga mumalembedwa FI kapena EFI.

Koma ngati pansi pa thanki pali kampopi kotembenuza kolembedwa ON, OFF ndi RES, ndipo m'mawa kukazizira mumakoka tchoki kuti ilire, yanu ndi ya kabuleta. Ma Lifo, ma SanLG ndi ma Boxer ambiri amene amanyamula anthu ndi matumba a mtedza pakati pa Nsaru, Kabudula ndi Nambuma ali m'gulu limeneli. Chimodzimodzinso ma Yamaha AG ndi DT amene alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo akhala akukwera kwa zaka zambiri.

Kodi ndiye kuti mwini kabuleta asakhudze n'komwe mankhwalawa? Ayi, sitikutero. Alipo mabotolo olembedwa kuti amatsuka njira yonse ya mafuta, kabuleta ndi injekita yomwe, ndipo amathandiza kuchotsa utomoni wopepuka, makamaka pa njinga imene idakhala miyezi osayenda. Koma jeti ikatsekeka ndi mchenga kapena dzimbiri, mankhwala ake n'kumasula kabuleta, kutsuka ndi kupemerera mpweya. Makanika wodziwa ntchito yake amamaliza zimenezi m'kanthawi kochepa, mwinanso pa mtengo wotsika kuposa wa kabotoloko.

Nthenda imene amachiza ndi imene sachiza

Injekita yodetsedwa imadziwika motere: njinga imavuta kulira, ikaima imanjenjemera kapena kuzima yokha, mukakoka moto imayamba yazengereza kenako n'kudumpha, ndipo mafuta amene kale amakufikitsani m'tauni ndi kubwerera tsopano akuthera panjira. Vutoli limabwera pang'onopang'ono, osati tsiku limodzi.

Chovuta n'chakuti zizindikiro zomwezi zimabweranso ndi nthenda zina. Pulagi yotha imatero. Sefa ya mpweya yodzaza fumbi imateronso, ndipo aliyense amene adayendapo m'misewu yafumbi ya kwa Kabudula mu September ndi October akudziwa kuchuluka kwa fumbi limene njinga imapuma pa tsiku. Injini yopanda mpweya wokwanira imamwa mafuta ambiri, imatulutsa utsi wakuda ndipo ilibe mphamvu. Mavavu amene sadasinthidwe mpata kwa nthawi yaitali, tcheni yolimbitsa kwambiri, mabuleki ogwira ndi matayala opanda mpweya wokwanira, zonsezi zimadya mafuta. Pa njinga ya injekita onjezerani batire: likafooka, pampu ndi kakompyuta kaja sizigwira bwino ntchito ngakhale injekita ikhale yoyera ngati yatsopano.

Choncho yambani ndi zotchipa. Masulani pulagi muione: ikhale yofiirira ngati mtedza wokazinga, osati yakuda ndi mwaye kapena yonyowa. Tsegulani sefa ya mpweya, muitsuke ngati ndi yasiponji kapena mugule ina ngati ndi yapepala. Onani sefa ya mafuta. Zonsezi zikakhala bwino koma vuto likadalipo, pamenepo ndiye ganizirani za kabotolo.

Dziwaninso kuti njinga imene ikutulutsa utsi wobiriwira ndi kumaliza oyilo ili ndi vuto la maring'i kapena mavavu. Palibe mankhwala a m'thanki amene amabwezeretsa chitsulo chimene chatha. Wogulitsa akakuuzani kuti kabotolo kake kamachiza zonse, kuyambira utsi mpaka kugogoda kwa injini, kumbukirani kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Mdani wamkulu ali m'chigubu

Tinene chilungamo: chimene chimapha njinga zambiri kumudzi si utomoni koma mafuta oipa. Dziko lino lidavutika ndi kusowa kwa mafuta mu 2011 ndi 2012, ndipo vutoli lidabweranso kuyambira mu 2022. Nthawi zoterezi munthu wa kabaza sangagone pamzere masiku awiri pamene ana akudikira ufa, ndiye amagula wa m'mabotolo m'mbali mwa msewu. Bungwe loona za mphamvu la MERA lakhala likuletsa malonda amenewa ndi kugula mafuta m'zigubu popanda chilolezo, koma tonse tikudziwa kuti amachitika.

Petulo wa m'chigubu amadutsa m'manja ambiri. Chigubucho mwina dzulo mudali madzi, mafuta ophikira kapena dizilo. Fanelo imakhala pansi pafumbi. Ndipo alipo ena osaopa Mulungu amene amaonjezeramo parafini kuti achuluke. Parafini sapsa bwino mu injini ya petulo: amaigogodetsa, amasiya mwaye pa pulagi ndi pa pisitoni, ndipo wina amatsikira mu oyilo n'kumusungunula.

Nkhani ya madzi ili ndi mbali ina imene ambiri saidziwa. Petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wopangidwa kuchokera ku zotsalira za nzimbe. Ntchitoyi idayamba mu 1982 pamene fakitale ya Ethanol Company idatsegulidwa ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota, ndipo mu 2004 kudabwera ina ya PressCane ku Chikwawa. Muyezo wake umatha kufika malita 20 pa malita 100 alionse, ngakhale umatsika malinga ndi kapezekedwe ka ethanolyo. Izi zimapulumutsa ndalama zakunja ndipo petuloyo ndi wabwinobwino. Koma ethanol ali ndi khalidwe limodzi: amakonda madzi. Petulo wotere akasungidwa m'chigubu chosatseka bwino, makamaka nthawi ya dzinja, amakoka chinyezi. Madzi akachuluka amagwirana ndi ethanol n'kutsikira pansi, ndipo pansi pa thanki ndi pamene njinga imayamwira. Zotsatira zake ndi dzimbiri m'thanki, njinga yotsokomola ndi pampu yakufa msanga.

Mankhwala otsukira injekita sasungunula mchenga, sachotsa dzimbiri ndipo sangasandutse parafini kukhala petulo. Mukakayikira mafuta amene mwathira, khetsani pang'ono m'botolo lagalasi loyera, muliike pansi kwa mphindi zingapo. Mukaona mzere wogawa, pansi pali zamadzimadzi zina pamwamba petulo, kapena tizinyalala tikukhazikika, khetsani thanki yonse. Mwini kabuleta ali ndi mwayi chifukwa pansi pa kambale kaja pali kasikuluwu kokhetsera madzi. Mwini injekita asamale kwambiri, pakuti pampu ndi injekita yatsopano si zinthu zimene mungazipeze pa msika uliwonse, ndipo mtengo wake umaliza.

Posankha kabotolo

Poyamba werengani kuti ndi ka petulo. Alipo mankhwala a injekita za dizilo amene botolo lake limafanana zedi ndi la petulo. Aliponso othira mu oyilo, ndi ena okweza mphamvu ya petulo olembedwa octane booster, amene ntchito yake si yotsuka. Sipuleyi yotsukira kabuleta nayo ndi yopopera pa kabuleta yomasula, si yothira m'thanki. Ngati Chingerezi chikuvutani, musachite manyazi kupempha wina akuwerengereni. Mbewa yamanyazi idafera kuuna.

Chachiwiri, yang'anani zimene zili m'kati. Mankhwala amene akatswiri amawadalira kwambiri pa ntchitoyi amatchedwa polyetheramine, ndipo pa botolo amalemba mwachidule kuti PEA. Ubwino wake ndi wakuti amapirira kutentha, choncho amatsuka injekita, mavavu mpaka pamwamba pa pisitoni. Ena ali ndi PIBA, amene amathandiza pa injekita ndi mavavu koma safika patali ngati PEA. Mabotolo otchipitsitsa nthawi zambiri amangokhala ndi zosungunulira wamba. Si makampani onse amene amalemba zimenezi poyera, koma mukapeza lolembedwa PEA ndiye labwino kuyambira.

Chachitatu, onani chitsekero. Chikhale chomata, chosatsegulidwapo, ndipo zolemba zikhale zooneka bwino, zosonyeza amene adapanga ndi muyezo wothirira. Mankhwala opungulidwa m'kabotolo kopanda dzina, oti akuti angothira chivindikiro chimodzi, asiyeni. Simudziwa ngati mukugula mankhwala kapena parafini wothira utoto. Mukapeza botolo laling'ono lojambulidwa njinga yamoto, lopangidwira matanki ang'onoang'ono, limenelo ndiye losavuta.

Muyezo ndiye nkhani

Apa ndi pamene ambiri amalakwira. Mabotolo ochuluka adapangidwira galimoto, imene thanki yake imalowa malita 50, 60 kapena 70. Thanki ya njinga ya kabaza imalowa malita 10 mpaka 15 basi, ndipo tinene zoona, ndi anyamata angati amene amaidzaza? Ambiri amayenda ndi malita awiri kapena atatu. Tsono munthu akakhuthulira botolo lonse la galimoto m'malita atatu, wapyoza muyezo mwina ka 20. Njinga imavuta kulira, pulagi imada, mapaipi ndi marabala amatha kufewa, ndipo mankhwala ena amatsikira mu oyilo. Zili ngati kumwetsa mwana wakhanda paketi yonse ya mapiritsi a munthu wamkulu poganiza kuti achira msanga.

Masamu ake ndi apafupi. Tiyerekeze kuti botolo ndi la mamililita 300 ndipo lalembedwa kuti ndi la malita 60. Gawani 300 ndi 60, mupeza 5. Ndiye kuti lita iliyonse ya petulo imafuna mamililita 5. Thanki ya malita 12 ifuna mamililita 60 okha, ndipo botolo limodzi likwanira njinga zisanu. Anyamata a siteji imodzi mutha kusonkherana, kugula botolo limodzi labwino n'kugawana, m'malo moti aliyense agule lake lachinyengo. Poyeza gwiritsani ntchito jakisoni watsopano wopanda singano, wa mamililita 20, amene amagulitsidwa m'mafamase. Mukatha, asakagwirenso ntchito ina iliyonse.

Botolo lililonse lili ndi muyezo wake, choncho manambala a pamwambawa ndi chitsanzo chabe. Tsatirani zimene zalembedwa pa lanu.

Kathiridwe kake

Sankhani tsiku limene muli ndi ndalama yodzazira thanki pa malo ovomerezeka omwetsera mafuta. Zimitsani injini, thirani mankhwala poyamba kenako petulo pamwamba kuti zisakanikirane bwino. Samalani asadonthere pa penti ya thanki. Mukatero yendani. Mankhwalawa amagwira ntchito injini ikatentha ndiponso petulo akamadutsa, choncho ulendo wautali wa patala, monga wopita ku Lilongwe kapena ku Namitete ndi kubwerera, ndi wabwino kuposa kuiliza njinga ili chiimire. Musaonjezere petulo wina mpaka thankiyo itatsala pang'ono kutha, koma musaiumitse. Pampu ya njinga ya injekita imaziziritsidwa ndi petulo yemweyo, ndipo chizolowezi choyenda ndi thanki youma chimaifupikitsa moyo.

Ndi nzeru kuchita zimenezi kutatsala pang'ono kuti musinthe oyilo, kuti zonyansa zimene zatsikira pansi zituluke ndi oyilo wakaleyo. Onaninso sefa ya mafuta pambuyo pake, chifukwa pa njinga yakale mankhwala amatha kumasula zinyalala za m'thanki n'kuzikankhira ku sefa. Ngati mwasuzumira ndi tochi n'kuona dzimbiri m'thanki, yambani mwaitsukitsa thankiyo musanathire kalikonse.

Musawasandutse ndiwo za tsiku ndi tsiku. Kamodzi pakapita makilomita masauzande angapo, monga momwe botolo lanenera, n'kokwanira. Njinga yatsopano imene ikuyenda bwino siifuna mankhwala, ndipo ngati idakali pa galanti funsani kaye kumene mudagula. Inu amene mukuyendetsa njinga ya bwana, mufunseni musanathire. Ikafa mawa, mlandu wonse udzagwera kabotoloko ndi inu amene.

Izi zokha musayerekeze

Pa siteji pamamveka nzeru zambiri: ena amathira thinala, ena mafuta a mabuleki, ena timibulu tothamangitsira njenjete m'zovala, enanso mpaka kachasu. Kachasu theka lake ndi madzi, ndiye mukudziitanira dzimbiri nokha. Thinala amadya marabala ndi mapulasitiki a mu pampu. Ndipo injekita kapena jeti musaitokose ndi waya kapena singano. Bowo likakula ngakhale pang'ono, njinga imwa mafuta mopyola muyezo moyo wake wonse.

Kumbukiraninso kuti mankhwalawa ndi poizoni ndipo amayaka. Musathire pafupi ndi mbaula, koloboyi kapena munthu wosuta. Ambiri timagoneka njinga m'nyumba poopa akuba, koma musailize m'nyumba motseka chifukwa utsi wake umapha mwakachetechete. Otsala asungeni m'botolo lake lomwelo, pamwamba pamene ana sangafike. Musawapungulire m'botolo la Fanta kapena la Sobo. Zipatala zathu zimalandira ana amene amwa parafini poganiza kuti ndi chakumwa, ndipo mankhwalawa ndi oopsa chimodzimodzi. Mwana akamwa musamusanzitse, pakuti akalowa m'mapapo ndiye ngozi imakula. Thamangirani naye kuchipatala chapafupi, kaya pa Kabudula, pa Nambuma kapena ku St Gabriel ku Namitete, mutanyamula botololo kuti adokotala aone chimene wamwa.

Zikapanda kusintha

Mwamaliza thanki imodzi yamankhwala koma njinga ikadali chimodzimodzi? Musagule botolo lachiwiri. Vuto lili pena. Pa njinga ya injekita, kagetsi ka FI kakamayaka kapena kuphethira muli paulendo, kakompyuta kakukuuzani kuti pali chimene chalakwika, mwina waya, sensa kapena pampu. Pitani kwa makanika amene amazidziwa njinga zotere ndipo ali ndi zipangizo zoyezera, ngakhale zitatanthauza kupita m'tauni. Injekita yotsekeka kwambiri amaimasula n'kuitsuka pa makina ake. Musalole munthu wongophunzirira pa njinga yanu kudula mawaya poyesa mwayi.

Abale anga a kabaza, ndalama imene mumaipeza ndi ya thukuta, ya dzuwa ndi fumbi. Isanapite ku kabotolo, ipite kaye ku petulo wa pa pampu yovomerezeka, ku sefa yoyera, ku pulagi yabwino ndi ku oyilo wosinthidwa pa nthawi yake. Mukakakamizika kugula wa m'chigubu, museferetu pa kansalu koyera ndipo otsalira pansi pa botolo musathire. Njinga yosamalidwa motere imafuna mankhwala mwa apo ndi apo, ndipo mukawathira pa muyezo wake amagwiradi ntchito. Yendani bwino, chipewa chili kumutu, ndipo tikumanenso Lamulungu likudzali.